Phunziro: Chamba cha Makolo ndi Ntchito Yake Pokonza Mbewu Zatsopano

Mlangizi akachoka mu mzinda wa Mutare kutsikira ku Marange ndi ku chigwa cha Save amaona mvula ikuchepa pa ulendo wa maola ochepa chabe. Kumapiri a Vumba imagwa yopitirira mamilimita 1,000 pachaka, pamene kuchigwa kawirikawiri siifika 650. Chiyambire pamene Zimbabwe inaloleza ulimi wa chamba cha mankhwala mu 2018, ndi Malawi mu 2020, alimi a kumadera oumawa akhala akufunsa ngati mbewuyi ingawapindulire. Yankho lagona pa mtundu wa mbewu.

Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika. Mitundu yambiri ya chamba cha ulusi inakonzedwera ku Ulaya, kumene m'nyengo yolima dzuwa limawala maola 15 kapena 16. Kuno ku Mutare tsiku lalitali koposa, mu Disembala, limangopitirira pang'ono maola 13. Choncho mbewu ya ku Ulaya imafulumira maluwa idakali yaifupi, ndipo ulusi wake umachepa.

Chamba cha makolo chilibe vutoli. Mbanje ya Atonga a ku Binga ndi Malawi Gold wa ku Nkhotakota zinazolowera masiku athu afupiafupi, motero zimayamba zakula kenaka maluwa. Koma pa za chilala tisathamange. Nkhotakota ndi dera la mvula yambiri, ndipo mbewu yomera m'mbali mwa mtsinje ku dera louma siinapirire ng'amba ayi, inangopeza chinyontho. Kupirira kumadziwika poyesa m'munda wa kafukufuku, madzi akuperekedwa mwa muyeso.

Chovuta n'chakuti mitundu ya makoloyi ili ndi THC wambiri, amene amaledzeretsa, pamene lamulo la Malawi salola chamba cha mafakitale kupitirira 1 peresenti. Apa mpamene pali ntchito ya wokonza mbewu. Akakwatitsa mtundu wa makolo ndi mtundu wa CBD wambiri, ana oyamba amakhala ndi zonse ziwiri. Pa zidzukulu, pafupifupi chimodzi mwa zinayi chimatuluka ndi CBD wambiri ndi THC wochepa. Mwa zimenezi amasankhamo zochedwa maluwa ndi zolimba pa ng'amba, ndipo kusankhaku kumatenga nyengo zingapo.

Chondidetsa nkhawa ndi mungu. Chamba chili ndi mitengo yaimuna ndi yaikazi, ndipo mphepo imanyamula mungu mtunda wautali. Munda umodzi wa mbewu yakunja ungasakanize mtundu umene makolo anausunga mibadwo yambiri, ndipo ukasakanizika subwereranso.

Alangizi anzanga, musatole kapena kudutsa malire ndi mbewuyi opanda chiphaso, chifukwa ndi mlandu. Lembani za dera, nthaka, mvula ndi mwezi umene imachita maluwa, osatchula dzina la mlimi. Zolembazo perekani kwa akatswiri a ku Kutsaga mu Harare kapena ku Chitedze mu Lilongwe, kuti iwo akambirane ndi nkhokwe ya mbewu ya SADC ya ku Chalimbana pafupi ndi Lusaka za njira yololedwa yosungira mitunduyi.