Phunziro: Printa Ikasowa pa Remote Desktop

Tiyerekeze kuti ndinu akalaliki a zachuma pa boma la Ntcheu, koma pulogalamu imene mumalembamo malisiti ili pa seva ku Lilongwe. Mumalowamo kudzera pa Remote Desktop. Zonse zimene mukuona pa sikirini yanu zikuchitikira kutaliko, mtunda wa makilomita oposa 150 mukatsata msewu wa M1. Choncho seva ija siyiidziwa printa ya pa desiki panu. Imene imaidziwitsa ndi kompyuta yanu, ndipo imatero pa nthawi yolumikizana. Mukagwira mfundo imeneyi, zotsalazi n'zosavuta.

Yambani pafupi. Tulukani mu Remote Desktop, musindikize tsamba limodzi pa kompyuta yanu yomweyo. Likakana kutuluka, vuto lili mu ofesi momwemo: chingwe cha USB chakhwepa, kapena Print Spooler yaima. Lembani services.msc, pezani Print Spooler, dinani Restart. Kuimbira a IT ku Lilongwe musanachite izi n'kungotha mayunitsi.

Tsamba likatuluka, tsegulani mstsc, pulogalamu yolowera pa Remote Desktop, koma musathamangire Connect. Dinani Show Options, kenako Local Resources, muone ngati pa Printers pali pochonga. Pamenepa ndi pomwe ambiri amaphonya. Ena amachonga bwinobwino, koma printa amaiika pa kompyuta atalowa kale, n'kumadabwa kuti sikuoneka. Zikatero tulukani ndi Sign out, osati kungodina X wa pakona uja, chifukwa iyeyo amangodula kulumikizana, mapulogalamu anu n'kukhalabe otsegula ku seva. Mukalowanso, funani dzina la printa yanu lotsatizana ndi mawu akuti redirected ndi nambala. Nambalayo ikasintha mawa musadandaule, ndi ya kalowedwe ka tsikulo.

Ikapanda kuonekabe, nkhani yafika kwa woyang'anira seva. Mwina mu Group Policy anayatsa lamulo la Do not allow client printer redirection, ndipo nthawi zina amatero dala kuti zikalata za ndalama zisamasindikizidwe paliponse. Mwinanso seva ilibe driver ya printa yanu. Kuyambira pa Windows Server 2008 pali Easy Print, imene imagwiritsa ntchito driver ya pa kompyuta yanu, koma ikazimitsidwa seva imafuna yakeyake ya dzina lofanana ndendende, ndipo ikaisowa imalemba Event ID 1111 mu Event Viewer. Poimba foni, musangoti "printa ya HP ija". Werengani dzina lonse ndi manambala ake monga alembera pa kompyuta, munenenso nthawi imene munalowa.