Phunziro: Kugula Katundu pa Okushoni ya pa Intaneti

Alimi a fodya m'dziko muno sasowa kuwafotokozera okushoni. Chiyambire chaka cha 1938, pamene msika wotere udatsegulidwa ku Limbe, mabelo akhala akundandalikidwa m'mizere, ogula nayenda pakati pake, nagwira tsamba, naliyang'anitsitsa asanatchule mtengo. Wotchula mtengo woposa anzake ndiye atenga belo.

Masiku ano kwadza okushoni ina imene ilibe nyumba kapena mabelo, pakuti imakhala m'foni ndi m'kompyuta. Wogula saona nkhope ya wogulitsa, sagwira katundu. Aona chithunzi chokha ndi mawu olembedwa m'munsi mwake. Koma ndalama zimene atumiza ndi zenizeni, mwina thukuta la chaka chathunthu. Abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku Britain amagula motero, ndipo kuno kwathu ambiri aitanitsa mafoni, zovala ndi magalimoto. Tsono tiyeni tiphunzire kayendedwe ka msika umenewu, misampha yake, ndi njira zoilewera.

1. Chiyambi chake ndi kayendedwe kake

Msika wotchuka wa mtundu umenewu ndi eBay. Adauyambitsa ndi Pierre Omidyar ku San Jose, m'dziko la America, m'chaka cha 1995. Chinthu china mwa zoyamba kugulitsidwa chidali kachida kolozera ndi kuwala kwa laser, kameneka kadali kakufa, ndipo kadagulidwa madola 14.83. Omidyar adalembera wogulayo kumufunsa ngati adamvetsa kuti kachidako sikagwira ntchito. Pano pali phunziro loyamba: wogulitsa woona amatchula yekha chilema cha katundu wake. Ku South Africa kudayambanso msika wofanana nawo m'chaka cha 1999, wotchedwa bidorbuy, umene lero dzina lake ndi Bob Shop.

Wogulitsa amaika chithunzi, mtengo woyambira ndi tsiku lotsekera. Wogula amalemba mtengo wotsiriza umene angathe kulipira, ndipo makina amamupikisanira okha, kukweza pang'onopang'ono kufikira malire akewo. Tiyerekeze kuti inu mwalemba madola 50, mnzanu walekeza pa madola 30: mudzapambana ndi mtengo wongopitirira pang'ono madola 30. Dziwaninso kuti eni msika sindiwo eni katundu. Iwo ali ngati mwini bwalo amene abwereketsa malo. Malonda enieni ali pakati pa inu ndi mlendo amene simunamuonepo.

2. Misampha inayi

Msampha woyamba ndiwo kukweza mtengo monyenga. Wogulitsa amatsegula maakaunti ena m'mayina abodza, kapena apangana ndi anzake, napikisana nanu pa katundu wake yemwe kuti mufike pa malire anu. M'chaka cha 2000, munthu wina wa ku California, Kenneth Walton, adaika pa eBay chithunzi chojambula pamanja chimene adachilemba zizindikiro zabodza kuti chioneke ngati ntchito ya mmisiri wotchuka Richard Diebenkorn. Mtengo udayambira pa masenti 25 nufika madola 135,805. Eni msika adathetsa malondawo, ndipo m'chaka cha 2001 Walton ndi anzake awiri adazengedwa mlandu wokweza mitengo ndi mayina abodza ambirimbiri. Walton adavomera mlanduwo.

Msampha wachiwiri ndi katundu wachinyengo. M'chaka cha 2004 kampani ya Tiffany, yosula zokometsera za siliva ndi golide, idagula pa eBay zinthu zolembedwa dzina lake kuti iziyese, nipeza kuti pafupifupi 73 mwa 100 zidali zabodza. Idakasuma, koma bwalo la milandu ku America m'chaka cha 2008 lidagamula kuti eBay ilibe mlandu, popeza inkachotsa katundu wabodza ikadziwitsidwa. Bwalo la apilo lidavomereza zimenezi m'chaka cha 2010. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Foni yamakono imene ikugulitsidwa pa theka la mtengo wake wa m'sitolo iyenera kukudzidzimutsani musanaikondwerere.

Msampha wachitatu ndiwo kukutulutsani m'bwalo. Mwapikisana, mwalephera, mawa lake mulandira kalata yonena kuti wopambana uja wathawa, katundu ndi wanu, bola mutumize ndalama msanga kwa uje ndi uje. Kapena wogulitsa akunong'onezani kuti mumalizire malonda pa WhatsApp, adzakutsitsirani mtengo. Chifukwa chake nchoti chitetezo cha msika chimagwira ntchito pokhapokha mwalipira kudzera pa msikawo. Ndalama zotumizidwa m'njira zotumizira achibale zikatapidwa sizibwerera. M'chaka cha 2017 kampani ya Western Union idavomera kupereka madola 586 miliyoni ku boma la America chifukwa cholephera kuletsa atambwali kugwiritsa ntchito njira zake. Chimodzimodzinso ndalama za pa foni: nzabwino potumizira mayi anu kumudzi, koma mlendo akazitapa, kuzipezanso nkovuta ndithu.

Msampha wachinayi ndi makalata abodza. Amadza ndi chizindikiro cha msika kapena cha banki, nanena kuti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kulemba mawu anu achinsinsi pa tsamba limene akulozerani. Tsambalo ndi la mbala. Banki yoona siifunsa nambala yanu yachinsinsi m'kalata kapena pa foni.

3. Za magalimoto a ku Japan

Magalimoto ambiri oyenda m'misewu yathu adachokera ku Japan, ndipo ambiri mwa iwo adadzera pa okushoni za kumeneko, natsikira pa doko la Dar es Salaam, nalowa m'dziko pa chipata cha Songwe. Pa okushoni zazikulu za ku Japan amaloledwa kupikisana ndi amalonda olembetsedwa okha, kotero munthu wa kuno amagula kupyolera mwa mkhalapakati. Galimoto iliyonse imakhala ndi pepala la oyesa, losonyeza giredi yake, makilomita amene yayenda ndi malo amene idagundidwa kapena kukonzedwa. Pemphani pepala limenelo, ndipo muone ngati nambala ya chasisi ikufanana ndi ya pa makalata ena onse. Mukalandira uthenga woti kampani yasintha akaunti ya ku banki, musatumize kanthu kufikira mutayimba foni pa nambala imene mudali nayo kale. Akathyali amaba makalata a makampani nalowetsamo akaunti yawo. Werengeranitu mtengo wa sitima, wa doko, wa ulendo wa pamsewu ndi msonkho wa Malawi Revenue Authority, pakuti zonsezi pamodzi zikhoza kuposa mtengo wa galimoto yeniyeniyo.

4. Malangizo oyenera kusunga

Poyamba, mufufuze wogulitsa. Misika imeneyi imasonyeza mbiri yake: zaka zimene wakhalapo, ndi zimene ogula ena adalemba za iye. Werengani madandaulo makamaka. Munthu amene wakhala akugulitsa tinthu totchipa, lero mwadzidzidzi ali ndi makompyuta khumi, mwina akaunti yake yabedwa.

Kachiwiri, werengani mawu onse ofotokoza katundu, kufikira mzere wotsiriza. Alipo amene adalandira bokosi lopanda kanthu chifukwa mawu adanenadi kuti chogulitsidwa ndi bokosi. Funsani mafunso, pemphani chithunzi china chojambulidwa lero. Safunsa adadya phula.

Kachitatu, dziikireni malire musanayambe, mutawerengera mtengo wotumizira ndi msonkho. Mphindi zotsiriza za okushoni zimatenthetsa mutu. Munthu amaiwala katundu, nayamba kulimbana ndi mnzake wosamuona, kungofuna kuti asagonje. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Lembani mtengo wanu papepala, ndipo ukapitirira, lekani. Katundu wina wonga yemweyo adzabweranso.

Kachinayi, lipirani m'njira imene msika udakhazikitsa, ndi khadi la ku banki kapena njira ina yokhala ndi podandaulira. Pa PayPal, ndalama zotumizidwa ngati mphatso kwa abale ndi abwenzi zilibe chitetezo cha wogula. Wogulitsa wokuumirizani njira imeneyo mumkane.

Kachisanu, sungani umboni: zithunzi, makalata, risiti ndi nambala yolondolera katundu. Katundu akapanda kufika, kapena akafika wosiyana ndi amene adalonjezedwa, dandaulani msanga. Pa eBay nthawi yodandaulira kawirikawiri ndi masiku 30, ndipo chitsimikizo chobweza ndalamacho sichikhudza magalimoto. Mukaberedwa, dziwitsani banki yanu tsiku lomwelo, mukanenenso ku polisi. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la m'chaka cha 2016 lokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti. Musabise chifukwa cha manyazi, pakuti kukhala chete kwanu ndiko kumapatsa mbala mpata wobera mnansi wanu.

Kachisanu ndi chimodzi, ngati malonda achitikira m'magulu a pa Facebook, kumene kulibe mkhalapakati wosunga ndalama, kumanani masana pa malo a anthu ambiri, mutenge mnzanu, muyese katundu, kenaka mulipire. Chikole musapereke kwa munthu wosamudziwa.

5. Udindo wa wogula

Chilungamo chifunika mbali zonse ziwiri. Kutchula mtengo ndi lonjezo, mukapambana, lipirani. Mnzanu akakupemphani kuti mumukwezere mtengo wa katundu wake mwachinyengo, kanani, chifukwa kumeneko ndi kunama ndi kuba pamodzi. Ndipo katundu wotchipa modabwitsa, wopanda risiti kapena mbiri yomveka, angakhale wobedwa. Kulandira katundu wakuba ukudziwa ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndiponso chikumbumtima sichilola kuti tipindule ndi misozi ya wina.

Mafunso okambirana

Kodi okushoni ya fodya isiyana bwanji ndi ya pa intaneti? Nchifukwa ninji wogulitsa wachinyengo amafuna kukutulutsani pa msika? Kodi ndi ndalama ziti zimene muyenera kuwerengera musanatchule mtengo wa galimoto? Nanga m'banja mwanu, ndani amene mungamufunse nzeru musanatumize ndalama zambiri kwa mlendo?

Kambiranani zimenezi kunyumba, makamaka ndi achinyamata amene amagwira mafoni tsiku ndi tsiku, ndi achikulire amene amasunga ndalama za banja. Kuona maso a nkhono nkudekha.