Phunziro: Moyo wa Mtsinje Uli ku Gwero Lake

Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndilo nkhokwe ya madzi ya anthu ambiri a kummwera. Mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imatsika kumeneko, ndipo madzi ake amakathira mu Shire pa Chiromo, pamene wa Phalombe umalowera ku nyanja ya Chilwa. M'chaka cha 2019 madzi a Likhubula anayamba kuyenda m'mipope kufikira ku Nguludi, kumene amayeretsedwa kuti akamwedwe ku Blantyre. Tsono mtsinje ukadwala ku gwero, ovutika ndi ochuluka zedi.

1. Kumene madzi a m'chilimwe amachokera

Mvula ikagwa m'nkhalango, masamba amaichepetsa mphamvu, ndipo zinyalala ndi mizu zimaimwetsa m'nthaka. Nthakayo imatulutsa madziwo pang'onopang'ono mu akasupe, kotero kuti mtsinje umayendabe ngakhale mu October. Koma pamtunda popanda mitengo madzi amathamanga tsiku lomwelo, atasenza dothi. Mtsinje wotere umasefukira m'dzinja, nuphwa m'chilimwe.

2. Chimene chinaonongeka

Boma linaika nkhalango ya phirili pansi pa chitetezo m'chaka cha 1927. Ngakhale zinali tero, macheka, makala ndi moto wolusa zinaidya ndithu. Pamene akatswiri anawerenga mitengo ya mkungudza m'chaka cha 2017, anapeza ikuluikulu 7 yokha. Napolo wa ku Phalombe mu March 1991 ndi namondwe Freddy mu March 2023 anapha anthu ambiri. Mvula ya masiku amenewo inali yoposa muyeso, yosatheka kuigwira yonse. Komabe mtunda wopanda chofunda umakulitsa tsoka lotere.

3. Kuyesa moyo wa mtsinje

Akatswiri amayesa mtsinje poona tizilombo tokhala pansi pa miyala. Ku South Africa anakonza njira yapafupi yotchedwa miniSASS kuti ana a sukulu nawonso azitha kuchita zimenezi. Munthu amavundukula miyala ingapo, natsukira tizilomboto m'mbale yoyera, nayang'ana mitundu yake. Akapeza ta michira iwiri kapena itatu yonga ulusi, ndi tina todzimangira tinyumba ta mchenga, adziwe kuti madziwo ali ndi mpweya wokwanira. Akapeza misundu ndi nyongolotsi zokhazokha, madziwo adetsedwa. Ayang'anenso ngati miyala yakutidwa ndi matope, pakuti chimenecho ndi chizindikiro cha kukokoloka kwa nthaka kumtunda. Zonsezi zilembedwe m'kope, m'dzinja ndi m'chilimwe, pa malo amodzimodzi chaka ndi chaka. Koma mayeso amenewa sanena kuti madziwo ndi oyenera kumwa: akumwa aphitsidwe kapena athiridwe mankhwala.

4. Kuchiza mtsinje

Kuyambira chaka cha 2016 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a Forestry Research Institute of Malawi, linathandiza midzi yozungulira phiri kufesa mbande za mkungudza m'manazale, ndipo zambiri zinakabzalidwa pamwamba. Ntchito ya m'chigwa ndi ya eni midzi. M'mphepete mwa mtsinje musiyidwe malo osalimidwa, ndipo mubzalidwe mikuyu, mbawa, nsungwi ndi bango. Bulugamu akhale patali, pakuti amamwa madzi ambiri. Chimbudzi ndi khola zisayandikire madzi, ndipo nyumba isamangidwe m'njira yakale ya mtsinje, popeza akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Kubzala kokha sikukwanira: mbande yopanda woipalira ndi woitchinjiriza ku moto ndi mbuzi siikula.

Mudzi wa kumunsi sungadzichitire wokha zimenezi. Wolima m'gombe kumtunda amathira matope m'mtsuko wa mnzake amene sanamuonepo. Nchifukwa chake mafumu a mtsinje umodzi ayenera kupangana pamodzi.

Mafunso oti aphunzitsi afunse

1. Kodi mtsinje wa pafupi ndi mudzi umachokera kuti, ndipo umathira kuti?
2. Kodi okalamba amati unkayenda bwanji m'chilimwe pamene iwo anali ana?
3. Ndi malo ati a m'gombe amene ayenera kubzalidwa mitengo dzinja likudzali, ndipo adzaisamala ndani?