Makina Akalowa M'nkhalango, Ntchito Imatsalira Yani?

Macheka a pamanja ndi ntchito ya anthu awiri: chipika chimagonekedwa pamwamba pa dzenje, wina n'kuima pamwamba, mnzake pansi, akukokerana sowo mpaka dzuwa kulowa. Matabwa amene awiriwa amalimbana nawo masiku angapo, makina ochekera oyendera injini amawatulutsa tsiku limodzi. Kusintha kumeneku kunaonekera kwambiri ku Chikangawa, nkhalango ya paini imene inabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, komwe makina onyamulika anachuluka ndipo kampani ya Raiply ili ndi fakitale yake.

Tisabisane: makina amachepetsa chiwerengero cha olembedwa ntchito. Oyamba kukhudzidwa ndi amene ankadalira mphamvu zokha, monga ogwetsa mitengo ndi nkhwangwa, ocheka pamanja ndi osenza zipika, pakuti thirakitala imodzi imakoka katundu wa gulu lonse.

Komabe si ntchito zonse zimene zimapita. Kufesa m'nazale, kuwokera mbande, kupalira, kudulira nthambi ndi kulambula njira zotchinga moto isanafike nyengo ya chilimwe, zonsezi zikufunabe manja. Ndipo popeza makina amamaliza nkhalango mofulumira kuposa mmene mitengo imakulira, paini pofuna zaka zoposa 20 kuti akhwime, ntchito yobzala iyenera kukula, osati kuchepa. Vuto lake n'lakuti zambiri mwa ntchito zimenezi ndi za ganyu, zongobwera ndi nyengo.

Ntchito zokhalitsa zasamukira kwa odziwa makinawo. Woyendetsa makina odulira ayenera kudziwa kumene mtengo ugwere asanaukhudze n'komwe, kunola mano a tcheni, kusakaniza petulo ndi oyilo pamlingo wake, komanso kuvala chisoti ndi zoteteza maso ndi makutu. Wonola masowo ndiye munthu amene ambiri amamuderera, chonsecho sowo yobuntha imapotoza thabwa, ndipo thabwa lopotoka wogula amalikana. Pamafunikanso makaniko, ndi kalaliki wotha kuyeza zipika ndi kulemba kaundula. Apa masamu a kusukulu aja amagwira ntchito.

Maphunziro a zankhalango amaperekedwa ku koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza, pomwe luso la umakaniko ndi ukalipentala limapezeka m'makoleji a ntchito zamanja amene bungwe la TEVETA limayang'anira. Atsikana asadzipatule, pakuti makina safunsa kukula kwa mapewa.

Kampani yodula mitengo ikadzafika m'wodi yanu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi isangofunsa kuti ilemba anthu angati. Ifunsenso kuti ndi achinyamata angati amene adzaphunzitsidwe kugwiritsa ntchito makinawo, ndiponso kuti malo odulidwawo adzabzalidwanso liti.