Kujambula Mbalame ndi Mitengo ya Pakhomo M'nyengo Yozizira

Mawu Oyamba

Mneni woti "kujambula" ali ndi matanthauzo angapo m'Chichewa. Mwana amajambula nyumba ndi pensulo, wakamera amajambula chithunzi, ndipo mtolankhani wa wayilesi amajambula mawu. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti wophunzira chiyankhulo angathe kugwiritsa ntchito matanthauzo awiri omalizawa posunga mayina a mbalame ndi mitengo ya pakhomo. Ndifotokoza ubwino wa miyezi ya Juni ndi Julayi pa ntchitoyi, kajambulidwe kake, komanso zomwe mayinawo amatiphunzitsa. Zambiri zachokera pa zomwe ndinachita pa tchuthi kwathu ku Zomba, pogwiritsa ntchito foni ya m'manja chabe.

Vuto Lomwe Lilipo

Buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la m'chaka cha 2006 likusonyeza kuti m'Malawi muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Komabe ambiri mwa ife amene tinakulira m'tauni sitingatchule mitundu khumi m'chiyankhulo chathu. Chilichonse chouluka timangoti "mbalame", ndipo chilichonse chopereka mthunzi timangoti "mtengo". Dzina likasiya kutchulidwa limafa, ndipo miyambi yake imatsala yopanda mutu. Munthu amene sanaonepo kuchepa kwa timba sangamvetse bwino mwambi woti "timba sachepa ndi mazira ake". Mabuku otanthauzira mawu, monga la David Clement Scott la 1892 ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000, anasunga mayina ambiri, koma tanthauzo loti "mtundu wa mbalame" silingathandize munthu kuizindikira ikatera pampanda. Apa ndi pamene chithunzi chimathandiza.

Ubwino wa Nyengo Yozizira

Choyamba, mvula ikatha udzu umauma ndipo mitengo yambiri imayamba kuyoyola masamba. Mbalame yomwe mu Febuluwale inkangomveka kulira m'zitsamba tsopano imaoneka poyera. Chachiwiri, zithaphwi zikauma mbalame zimayandikira nyumba kufuna madzi. Chachitatu, m'madera monga Zomba, Thyolo ndi Mulanje kumabwera chiperoni, mitambo ndi kamvula kowaza komwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Tsiku la chiperoni kuwala kumakhala kofewa, kopanda mithunzi yakuda, choncho maonekedwe a nthenga ndi makungwa amatuluka bwino pachithunzi.

Wojambula adziwenso kuti nyengoyi imasintha zinthu. Anamzeze ochokera ku Ulaya amafika kuno cha mu Okutobala n'kubwerera cha mu Epulo, kotero anamzeze amene timawaona mu Julayi ndi a mitundu ya kuno ku Africa. Mbalame zazimuna zambiri zoluka zisa zimataya nthenga zake zowala zikatha kuswana, n'kumafanana ndi zazikazi. Mitengo nayo sichita mofanana. Mlambe umakhala wopanda tsamba, mango amayamba maluwa, pamene msangu, womwe umayoyola masamba m'dzinja, umakhala wobiriwira nthawi yomwe ina yauma.

Kajambulidwe Kake

Kamera ya foni siona patali, ndiye nzeru ndi yokopa mbalame kuti ibwere yokha. Ine ndinaika madzi m'phale pafupi ndi mtengo wa papaya, mamita atatu kuchokera pazenera la kukhitchini. Pasanathe sabata apumbwa, njiwa ndi mpheta zinazolowera kubwera. Madziwo ayenera kusinthidwa tsiku lililonse, ndipo phalelo likhale pamalo poti mphaka sangabisale pafupi.

Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likangotuluka, cha m'ma 6 koloko, komanso madzulo cha m'ma 4 koloko, pakuti mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 5:30. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu. M'miyezi imeneyi limadzera chakumpoto, kotero masana ndi bwino kuyang'ana kummwera.

Mbalame ikatera panthambi kumbuyo kwake kuli thambo lowala, imatuluka yakuda bii pachithunzi, chifukwa kamera imayeza kuwala kwa thambolo. Dinani pa mbalameyo pagalasi la foni kenako onjezani kuwala, kapena sunthani kuti kumbuyo kwake kukhale masamba. Musakulitse kwambiri chithunzi ndi zala, popeza mafoni ambiri amangodula chithunzicho n'kuchitambasula, ndipo chimataya maonekedwe. Tsamiritsani zigongono pazenera kuti manja asanjenjemere ndi chisanu, ndipo jambulani kangapo motsatizana.

Mtengo umafuna zithunzi zinayi: mtengo wonse, khungwa, tsamba, ndi duwa kapena chipatso. Ikani ndalama yachitsulo pambali pa tsamba kuti kukula kwake kudziwike. Musagwedeze chisa kapena kuthamangitsa mbalame kuti iuluke. Musalozenso kamera kuseri kwa mpanda wa eni ake musanapemphe, makamaka ngati mukutsata kadzidzi, yemwe anthu ambiri amamuganizira zaufiti.

Zomwe Mayina Amaphunzitsa

Chithunzi chikatheka, ntchito ya wophunzira chiyankhulo imayamba. Ine ndinkapita nacho kwa agogo anga aakazi n'kufunsa kuti, "Agogo, iyi mumaitchula chiyani?" Yankho lawo ndinkalijambula pafoni pomwepo, pakuti kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu. Kenako ndinkalemba tsiku, malo, ndi dera lomwe wonditchulira dzinayo anakulira.

Mayinawa amaonetsa bwino magulu a mayina. Pumbwa, khwangwala, kadzidzi ndi namzeze amatenga "a-" pochulukitsa, ndipo agwirizanitsi awo ndi ofanana ndi a anthu: "khwangwala wabwera", "akhwangwala awiri". Koma njiwa, nkhwali ndi mpheta zili m'gulu la I-Zi: "njiwa yabwera", "njiwa ziwiri". Tionenso kuti "ka-" wa mu kadzidzi ndi kakowa si wochepetsa ayi, chifukwa timati "akadzidzi", osati "tidzidzi". Mitengo yambiri ili m'gulu la Mu-Mi, monga msangu ndi misangu, ndipo chipatso chimasunga tsinde la dzina koma chimasamukira ku gulu lina: msuku umabala masuku, mlambe malambe, mkuyu nkhuyu.

Zithunzi zinandionetsanso kuti Chichewa chimagawa mbalame m'njira yakeyake. Agogo anatchula timbalame tosiyana maonekedwe ndi dzina limodzi loti mpheta, pamene mabuku a akatswiri amatipatsa mayina osiyanasiyana. Uku si kuperewera kwa chiyankhulo. Mlimi amaona kadyedwe: tonseto timatola njere ndipo timavutitsa pa mapira.

Mawu Omaliza

Ntchito imeneyi siifuna kamera yodula kapena ulendo wa ku Liwonde. Imafuna phale la madzi, kudekha, ndi munthu wachikulire wodziwa mayina. Ndikupempha ophunzira anzanga kuti pa tchuthi chikubwerachi aliyense ajambule mbalame zisanu ndi mitengo isanu ya kwawo, pamodzi ndi mawu a wotchula mayinawo. Tikaphatikiza za ku Dedza, Salima ndi Nsanje tidzaona kusiyana kwa mayina m'madera. Tichite izi mwachangu, pakuti mitengo ikuthera kumakala, ndipo eni mayina akukalamba.