Chikalata cha dokotala chikatha: kubwezeretsa laisensi ya thiraki ku America

Ku America, laisensi yoyendetsera mathiraki akuluakulu ndi mabasi, imene amaitcha CDL, imayendera limodzi ndi chikalata cha dokotala chotsimikizira kuti dalaivala ali bwino m'thupi. Chikalatachi sichipitirira miyezi 24. Chikatha osakonzanso, ofesi ya malaisensi ya m'chigawo chanu imatsitsa laisensiyo pasanathe masiku 60, n'kusanduka ya galimoto wamba.

Choyamba imikani thiraki. Kaya katundu wapakiridwa kale, kaya abwana akuchonderera, musakwere. Akakugwirani pamsewu, ulendo uthera pomwepo.

Kenako pezani dokotala, koma osati aliyense. Akhale wolembedwa m'kaundula wa bungwe la FMCSA wotchedwa National Registry, ndipo dzina lake mutha kulifufuza pa intaneti musanalipire. Ambiri amataya ndalama apa, chifukwa kuyezedwa ndi dokotala wosalembedwa sikuwerengedwa.

Popita tengani magalasi ngati mumavala, ndi mayina a mankhwala onse amene mumamwa. Akakuyezani maso, makutu, mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi. Diso lililonse lione 20/40, ndipo khutu limve kunong'ona pa mtunda wa mapazi 5. Chimene chimagwetsa madalaivala ambiri ndi BP. Ikayambira pa 140/90, kawirikawiri amakupatsani chaka chimodzi chokha. Ikafika 160/100, miyezi 3 yoti muitsitse. Pa 180/110 mubwerera chimanjamanja. Choncho ngati munasiya mankhwala, kaonaneni kaye ndi dokotala wanu wa nthawi zonse. Amene mumabaya jakisoni wa shuga, iyeyo akulembereni fomu ya MCSA-5870 musanapite. Ndipo musabise matenda: bodza la pafomu lingakulanditseni chikalatacho.

Mukapambana, pemphani pepala la chikalata cha dokotala, la MCSA-5876, ndipo mulisunge. Kuyambira pa 23 June 2025 lamulo likuti zotsatira zizipita ku ofesi ya malaisensi kudzera pa kompyuta, komabe musangokhulupirira kuti zafika. Imbani foni kapena pitani nokha, mufunse ngati CDL yabwezeretsedwa, ndalama zofunika, ndiponso ngati mufunika kulembanso mayeso. Apa zigawo zimasiyana: zina zimabweza laisensi tsiku lomwelo, zina zimakubwezani ku mayeso ngati papita nthawi yaitali.

Mukaona m'kaundula wa ofesiyo kuti zonse zakonzedwa, perekani umboni kwa abwana, muyambe ntchito.