Ntchito ya Woyesa Zowonongeka pa Inshuwalansi

Galimoto ikachita ngozi, nyumba ikapsa kapena akuba akathyola golosale, kampani ya inshuwalansi sithamangira kulipira. Imayamba yatumiza munthu woti akaone ndi maso ake. Munthuyu amatchedwa assessor kapena loss adjuster, ndipo lipoti lake ndi limene kampani imatsamira posankha ndalama zoti ipereke.

Asanapite kumalo a ngozi, amawerenga chikalata cha mgwirizano. Amafuna kudziwa ngati mwini katundu ankalipira pa nthawi yake, ndiponso ngati tsoka limene lagwalo lili m'gulu la zimene kampani inalonjeza kulipira. Apa ndi pamene eni magalimoto ambiri amakhumudwa. Inshuwalansi ya third party, imene lamulo la pamsewu ku Malawi limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, imalipira anthu ena amene avulazidwa kapena kuwonongeredwa katundu. Galimoto ya mwiniwakeyo siikonzetsa. Imene imakonzetsa ndi ya comprehensive.

Woyesayo akafika pamalopo, amajambula zithunzi, amafunsa mboni, amaona lipoti la apolisi ndi malisiti, kenako amayerekeza mitengo imene magalaja alemba. Amasiyanitsanso chowonongeka pa ngoziyo ndi chimene chinali chotha kale. Ngati kukonza galimoto kungadye ndalama zofika pafupi ndi mtengo wake, amalangiza kuti isakonzedwe. Kampani imalipira mtengo wa galimotoyo monga inalili ngozi isanachitike, ndipo kawirikawiri chigobacho imatenga.

Mfundo yaikulu powerengera ndi yakuti inshuwalansi imabwezera munthu pamene anali, siimulemeretsa. Woyesayo amachotsa kaye excess, ndalama imene mwini katundu anavomera kuti azidzilipirira yekha pa ngozi iliyonse. Palinso msampha wina woyenera kuumvetsa bwino. Tiyerekeze kuti nyumba ya K40 miliyoni inalembetsedwa kuti ndi ya K20 miliyoni pofuna kuchepetsa zolipira. Moto ukawononga zinthu za K10 miliyoni, kampani ikhoza kupereka K5 miliyoni yokha, chifukwa mwiniwake anateteza theka la nyumbayo. Mitengo ya simenti ndi malata ikamakwera, anthu amagwa mumsamphawu osadziwa.

Chovuta pa ntchitoyi n'chakuti nthawi zambiri woyesayo amalipidwa ndi kampani, pamene amene akudikira thandizo ndi munthu wosweka mtima. Woyesayo sayenera kuchepetsa mtengo kuti akondweretse omulemba ntchito. Sayeneranso kuukweza chifukwa makanika wamulonjeza kangachepe. Ngati galajayo ndi ya mlamu wake, kapena mwini katunduyo ndi mnzake, anene poyera n'kusiyira wina ntchitoyo. Zimene waona m'nyumba ya munthu kapena m'mabuku a bizinesi yake ndi zachinsinsi. Kuchedwetsa lipoti nakonso n'kulakwa kwakukulu, pakuti minibasi ikakhala pa galaja mwezi wathunthu, dalaivala, kondakitala ndi mabanja awo amagona ndi njala. Akapeza chinyengo, monga malisiti opeka kapena moto woyatsa dala, amalemba momwe zilili. Chinyengo chikachuluka, zolipira zimakwerera aliyense.

Si munthu aliyense amene angadzitche woyesa. Lamulo la 2010 lotchedwa Financial Services Act linaika Gavanala wa Reserve Bank of Malawi kukhala Registrar of Financial Institutions, woyang'anira mabanki, makampani a inshuwalansi ndi ena ogwira ntchito za ndalama. Oyesa zowonongeka amatenga laisensi ku ofesi imeneyi. Wopempha amasonyeza maphunziro ake, luso lake ndi mbiri yabwino, ndipo laisensiyo ikhoza kulandidwa akaphwanya malamulo.

Mwini katundu ali ndi ufulu wofunsa mmene ndalamazo zawerengedwera asanasaine chilichonse. Akapanda kukhutira, amalembera kaye kampaniyo kalata yodandaula n'kusunga kope lake. Zikakanika pamenepo, dandaulo limapita kwa Registrar ku Reserve Bank, ndipo khomo la kukhoti limakhalabe lotsegula.